Kodi kuphulika kwa padzuwa kungaotche sola ndi foni yanga?

"Ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale yakumudzi. Sabata yatha pagulu la makolo pa WhatsApp panabwera uthenga woti dzuwa laphulika, ndiye usiku tizimitse mafoni, tichotse mabatire a sola ndipo tisagone pafupi ndi foni chifukwa kukubwera cheza choopsa. Ana asukulu andipanikiza ndi mafunso, ena akuti kutentha kwa mu Okutobala kumachokera komweko. Kodi dzuwa limaphulikadi? Chimaphulika n'chiyani, poti kumeneko kulibe mpweya woyatsa moto? Nanga sola yapasukulu, yomwe tinaipeza movutikira, ndiimasule?"

Aphunzitsi, khazikani mtima pansi. Sola isiyeni momwe ilili, foni nayo muiike pomwe mumaiika masiku onse. Uthenga wozimitsa mafoniwo ndi wakalekale, umangozungulira chaka ndi chaka anthu atausintha tsiku. Ngakhale mutauganizira pang'ono chabe muona kuti sukumveka: kuwala kochokera ku kuphulika kwa padzuwa kumagwera mbali ya dziko yomwe kuli masana, osati komwe anthu agona, ndipo foni ilibe chilichonse chokokera cheza kuchokera kumwamba. Komabe musawauze ana kuti nkhani yonse ndi bodza. Dzuwa limaphulikadi, nthawi zina kangapo pa tsiku limodzi, ndipo pali zinthu padziko pano zomwe zimavulala nako. Chofunika n'kudziwa kuti ndi ziti, komanso chifukwa chake.

Funso lanu lachiwiri ndi lomwe landigwira mtima, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Dzuwa si moto ngati wa nkhuni. Ndi mpira waukulu wa plasma. Ambirife tikamva liwuli timaganiza za TV yopyapyala ija, koma kwa asayansi plasma ndi mpweya womwe watentha mpaka ma atomu ake athothoka ma elekitironi. Haidirojeni, yemwe ndiye wochuluka padzuwa, amasanduka ma pulotoni ndi ma elekitironi oyenda payekhapayekha. Mpweya wotere umadutsa magetsi bwino kwambiri, ndipo chilichonse chodutsa magetsi chimamvera maginito. Chiphaliwali chija chimang'anima nthawi ya dzinja ndi plasma yomweyo, ya kanthawi kochepa.

Pali khalidwe limodzi la plasma lomwe mukaligwira, zina zonse zimatsatira. Tinthu ta plasma sitidumpha mizere ya mphamvu ya maginito mwachisawawa. Timazungulira mzere n'kumatsetsereka motsatira mzerewo, ngati mikanda pa ulusi. Choncho plasma ikasuntha imakoka mizere ya maginito, ndipo mizere ikasuntha imanyamula plasma. Hannes Alfvén wa ku Sweden ndi amene anafotokoza bwino zimenezi, ndipo analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1970.

Tsopano taganizani zomwe zimachitika pa mpira womwe suli wolimba. Pakati pa dzuwa, pamzere wa ikweta yake, pamazungulira kamodzi pa masiku pafupifupi 25, pamene kufupi ndi nsonga zake kumatenga masiku oposa 30. Kuwonjezera apo, gawo lakunja la dzuwa, lozama makilomita pafupifupi 200,000, limabwata ngati phala pamoto: plasma yotentha imakwera, ikazizira n'kumira. Mizere ya maginito yomwe yamangika m'phala limeneli imakokedwa, kupotedwa ndi kupiringizidwa kwa zaka. Mitolo ina ikalimba kwambiri imayandama n'kuboola pamwamba pa dzuwa ngati uta, miyendo iwiri ili pansi. Pomwe pali miyendoyo ndi pomwe timaona mawanga akuda. Amaoneka akuda chifukwa maginito amphamvuwo amatsekereza kutentha kochokera pansi, moti pamenepo pamakhala madigiri pafupifupi 3,500 mpaka 4,000, pomwe malo ozungulira ali pa madigiri 5,500. George Ellery Hale ndi amene anayamba kuyeza maginito a m'mawangawa mu 1908 ku Mount Wilson, ku California. Amaposa a dziko lathu kambirimbiri, mpaka maulendo zikwi zingapo.

M'kalasi mutha kugwiritsa ntchito mphira wa legeni. Mwana mmodzi agwire mbali imodzi, wina azipota mbali inayo. Mphirawo umayamba kupanga mfundo, ndipo mphamvu yonse ya dzanja lopota imasungika m'menemo. Miyendo ya mauta a maginito aja imapotedwa chomwecho ndi phala lobwata kwa masiku angapo. Kusiyana kwake n'koti mizere ya maginito siduka n'kutsala lende. Mizere iwiri yolozera mbali zotsutsana ikapanikizana pamalo opyapyala kwambiri, imaduka n'kulumikizana mwatsopano, uwu ndi theka la uwo, n'kufwamphuka kupita ku maonekedwe ofupika. Asayansi amati magnetic reconnection. Mphamvu yomwe yasungidwa kwa masiku imatuluka pa mphindi zowerengeka. Kumeneko ndiye kuphulika komwe azungu amati solar flare. Palibe chomwe chikupsa, ndi maginito akumasuka.

Zotsatira zake zimaoneka bwino pa zithunzi za setilaiti ya Solar Dynamics Observatory, yomwe yakhala ikujambula dzuwa kuyambira 2010. Ma elekitironi amakankhidwa pa liwiro loopsa n'kutsetsereka ndi miyendo ya uta kukamenya plasma yothithikana yapansi. Pamalo omenyedwawo pamawala mizere iwiri yoyang'anizana, yomwe imanka italikirana kuphulika kukamapitirira. Plasma yomenyedwayo imatentha mwadzidzidzi n'kukwera kukadzaza mauta, ili pa madigiri 10 miliyoni mpaka 20 miliyoni, mofanana kapena kuposa pakatikati pa dzuwa pomwe pali madigiri 15 miliyoni. Plasma yotentha chotero imatulutsa ma X-ray, ndipo ndi ma X-ray amenewa omwe amayezera kukula kwa kuphulika. Masetilaiti a GOES a ku America amawayeza usana ndi usiku, n'kugawa kuphulika m'magulu A, B, C, M ndi X. Gulu lililonse limaposa linzake ka 10. Ndiye mukamva kuti kwachitika M5, limenelo ndi theka la X1, ndipo X9 ndi X1 ka 9. Kwakukulu komwe kunayezedwapo ndi kwa pa 4 Novembala 2003: zida zinadzaza n'kulephera kuwerenga, ndipo akatswiri anayerekeza kuti kunafika X28 kapena kuposa.

Apa ndi pomwe mauthenga a pafoni amasokoneza zinthu, chifukwa amasakaniza zinthu zitatu zosiyana zomwe zimafika kuno nthawi zosiyananso.

Choyamba kufika ndi kuwala: ma X-ray ndi cheza champhamvu cha ultraviolet. Mtunda wa makilomita 150 miliyoni chimautha pa mphindi 8 ndi masekondi 20. Palibe chenjezo lomwe lingachitsogolere, poti pomwe tikuona kuphulikako ndi pomwe chafika. Chezachi sichifika pansi pano. Mpweya wakumwamba umachimeza chonse pa mtunda wa makilomita oposa 60. Koma pochimeza, mpweya wa kumeneko umadzaza ma elekitironi n'kuyamba kumeza mafunde a wailesi a shortwave, a pakati pa 3 ndi 30 MHz. Oyendetsa ndege zodutsa panyanja zazikulu, a sitima zapamadzi ndi ena odalira wailesi zotere amangomva zii kwa mphindi zingapo, mwina ola kapena awiri. Wailesi za FM ndi mafoni athu amalankhula ndi nsanja zapansi pompano, ndiye sizikhudzidwa mwanjira imeneyi.

Chachiwiri ndi ma pulotoni othamanga kwambiri, omwe amafika pakatha mphindi makumi angapo kapena maola ochepa. Awa ndi oopsa kwa anthu omwe ali m'mlengalenga ndi kwa makina a m'masetilaiti. Maginito a dziko amawalondolera kunsonga za dziko, n'chifukwa chake ndege zodutsa kufupi ndi kumpoto kwenikweni nthawi zina zimasintha njira. Kwathu kuno, kufupi ndi ikweta, ndi kumene chishango chimenechi chili cholimba koposa.

Chachitatu ndi chomwe chimabweretsa mavuto aakulu. Pa kuphulika kwina, osati konse, mtolo wopotana wa maginito umamasuka n'kuuluka pamodzi ndi plasma yolemera matani mabiliyoni. Dzina lake lachidule ndi CME. Liwiro lake limayambira makilomita mazana ochepa pa sekondi mpaka pafupifupi 3,000. Wothamanga kwambiri umafika kuno pasanathe tsiku, ambiri amatenga masiku awiri mpaka anayi, ndipo ambirinso amalowera kwina osatipeza n'komwe. Ukatipeza, kuopsa kwake kumadalira komwe maginito ake alozera. Akaloza kumpoto, mofanana ndi a dziko lathu pamalo okumanirana, mtambowo umangotikankha n'kudutsa. Akaloza kumwera, mizere yake imalumikizana ndi ya dziko, mwanjira yomwe ija ya padzuwa, khomo n'kutseguka. Mphamvu imalowa, kumwamba kumayenda magetsi ochuluka, ndipo maginito a dziko amagwedezeka. Umenewo ndiye mkuntho wa maginito.

Mvetsetsani bwino gawo ili, chifukwa ndi lomwe likuyankha za sola yanu. Maginito akamasintha amabereka magetsi mu waya, monga mumaphunzitsira ndi koilo ndi maginito. Mkuntho waukulu umabereka ma volt ochepa chabe pa kilomita iliyonse ya nthaka. Tiyerekeze ma volt 5 pa kilomita. Waya wa mamita 10 wochoka padenga kupita ku batire ungapeze 0.05 volt, zomwe batire ya ma volt 12 singazimve n'komwe. Koma nthambo yaikulu ya magetsi yotalika makilomita 500, yolumikizidwa kunthaka mbali zonse ziwiri kudzera m'mathiransifoma, ingapeze ma volt mazanamazana kapena zikwi. Vuto lina n'loti magetsi amenewa amayenda pafupifupi mbali imodzi, ngati a batire, pomwe thiransifoma inapangidwira magetsi osinthasintha. Chitsulo chapakati pake chimakhuta maginito mbali imodzi, thiransifoma n'kuyamba kulira, kutentha ndi kusokoneza magetsi a m'nthambo, mpaka zida zotetezera kuzimitsa.

Izi zinachitikapo. Pa 13 Malichi 1989, magetsi a chigawo cha Quebec ku Canada anagwa pa masekondi pafupifupi 90, ndipo anthu 6 miliyoni anakhala mumdima maola 9. Kumapeto kwa Okutobala 2003 mbali ina ya mzinda wa Malmö ku Sweden inazima pafupifupi ola limodzi. Mikuntho ya chaka chomwecho inaphunzitsanso akatswiri kuti vutoli si la maiko ozizira okha: ku South Africa mathiransifoma akuluakulu angapo a Eskom anayamba kuwonongeka pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira, ndipo ofufuza a ku University of Cape Town anagwirizanitsa zimenezi ndi mikunthoyo. Mkuntho womwe onse amayerekezera nawo ndi wa mu 1859. Pa 1 Seputembala chaka chimenecho Richard Carrington, akujambula mawanga a dzuwa ku England, anaona malo awiri akuwala mbee kwa mphindi pafupifupi zisanu. Pasanathe maola 18 mkuntho unafika, nthambo za telegalafu zinathetheka moto ndipo ena ogwira ntchito anagwidwa ndi magetsi. Onani kuti ngakhale pamenepo zomwe zinavulala ndi nthambo zazitali.

Wina waukulu womwe ana anu angaukumbuke ndi wa pa 10 ndi 11 Meyi 2024. Unachokera pa gulu la mawanga lotambalala kuposa dziko lathu ka 15, lomwe linaponya mitambo ingapo motsatizana. Unafika pa G5, mlingo wapamwamba poyeza mikuntho ya maginito, koyamba chichokere 2003. Kumwamba kunafiira usiku mpaka ku gombe la kumwera kwa South Africa. Ku America alimi ena anaimitsa mathirakitala odalira GPS pakati pa nyengo yodzala chifukwa mizere inkapindika. Koma palibe dziko lomwe linagwa mumdima, ndipo mafoni ndi masola a m'nyumba padziko lonse anapitiriza kugwira ntchito. Masetilaiti ndiwo amavutika: mkuntho umatenthetsa mpweya wakumwamba, mpweyawo umafufuma n'kuyamba kuwakoka. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inataya masetilaiti a Starlink 38 mwa 49 omwe inali itangoponya kumene, ndi mkuntho waung'ono chabe.

Za kutentha kwa mu Okutobala, yankho ndi lalifupi. Mawanga ndi kuphulika zimachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11. Nyengo yomwe tilimo inayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a boma la America a NASA ndi NOAA analengeza kuti yafika pachimake. Koma pa nyengo yonseyo kuwala kwa dzuwa kumangosintha ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Okutobala amatentha chifukwa dzuwa limadutsa pafupifupi pamutu penipeni, mitambo kulibe ndipo nthaka yauma gwa.

Mwina mwana wina wochenjera akufunsani kuti, ngati zonsezi zikudziwika, ofufuza akufufuzanso chiyani? Muuzeni kuti ntchito ilipo yambiri, ndipo ina ndi ya pamtima penipeni pa nkhaniyi. Masamu oyamba a kulumikizana kwa mizere, a Peter Sweet ndi Eugene Parker a m'zaka za m'ma 1950, ankapereka kuphulika kotenga miyezi, pomwe dzuwa limachita pa mphindi. Harry Petschek anabwera ndi njira yofulumira mu 1964, ndipo kafukufuku wa zaka zaposachedwa akuonetsa kuti malo opyapyala aja akatalika amang'ambika n'kukhala timibulu tambirimbiri ta plasma, kulumikizana n'kumachitika malo ambiri nthawi imodzi. Malo enieni pomwe mizere imadukira padzuwa ndi aang'ono kwambiri moti palibe telesikopu ingawaone, ngakhale ya Inouye ya ku Hawaii, ya galasi la mamita 4. N'chifukwa chake mu 2015 NASA inaponya masetilaiti anayi a MMS kuti aziuluka pamodzi m'maginito a dziko lathu, momwe zomwezo zimachitika pafupi, n'kuziyeza ali m'kati mwake.

Funso lina ndi la corona, mpweya wopyapyala wozungulira dzuwa womwe umaoneka nthawi ya kadamsana. Pamwamba pa dzuwa pali madigiri 5,500, koma corona, yomwe ili kutali ndi gwero la kutentha, imaposa madigiri 1 miliyoni. Ofufuza ena amaloza mafunde oyenda m'mizere ya maginito, ena amaloza tikuphulika ting'onoting'ono tosawerengeka. Chombo cha Parker Solar Probe, choponyedwa mu Ogasiti 2018, chinalowa m'corona mu 2021, ndipo pa 24 Disembala 2024 chinadutsa makilomita 6.1 miliyoni okha kuchokera padzuwa. Chinapeza mizere ya maginito yopindika mwadzidzidzi ngati chilembo cha S m'mphepo yochoka kudzuwa. Solar Orbiter ya ku Ulaya nayo inajambula timalo ting'onoting'ono tambiri tong'anima m'corona.

Koma chomwe ine ndimaona kuti n'chofunika koposa kwa anthu wamba ndi kulosera. Akatswiri amatha kuona gulu la mawanga lopiringizana, lomwe maginito otsutsana athithikana pamalo amodzi, n'kunena mwayi woti liphulika m'maola 24 akubwera. Ola lenileni satha kulinena. Mtambo ukanyamuka amayerekeza nthawi yofika, koma amaphonya ndi maola angapo, nthawi zina theka la tsiku. Komwe maginito ake alozera kumadziwika pokhapokha mtambowo utadutsa masetilaiti omwe ali makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, ndipo apo pamatsala mphindi 15 mpaka ola limodzi. Ndiye uthenga uliwonse wokuuzani kuti cheza chifika hafu pasiti 12 usiku ndendende, dziwani kuti sunachokere kwa munthu woyeza dzuwa.

Mukafuna uthenga weniweni, pitani pa intaneti ku Space Weather Prediction Center ya NOAA, kapena ku SANSA, bungwe la zamlengalenga la South Africa, lomwe lili ndi malo ounikira nyengo ya m'mlengalenga ku Hermanus, ogwira ntchito usana ndi usiku. Onani nambala ya Kp, yoyeza kugwedezeka kwa maginito a dziko, yoyambira 0 mpaka 9. Mkuntho umayamba pa 5. Omwe ayenera kulabadira ndi oyeza malire a minda ndi misewu ndi GPS yolondola mpaka masentimita: Kp ikafika 7 kapena kuposa, abwereze miyeso tsiku lina ndipo aiyerekeze ndi chizindikiro chodziwika kale. Sola yanu ikayamba kuvuta, musathamangire kuloza dzuwa. Itanani wodziwa zamagetsi aone fumbi pamapanelo, materminali adzimbiri, batire yotopa ndi waya wopita kunthaka. Mdani weniweni wa sola ndi inveta kwathu kuno ndi mphenzi, choncho chitsulo chokhomera pansi ndi kachida kotchinga magetsi obwera mwadzidzidzi n'zofunika mvula isanayambe.

Pali choopsa chimodzi chomwe ndikuopa kuti nkhaniyi ingabweretse: ana kuyang'ana dzuwa kuti aone kuphulika. Aletseni mwamphamvu. Mkati mwa diso, pomwe pamagwera chithunzi, mulibe misempha yomva ululu, ndiye mwana amapsa osadziwa. Magalasi akuda a mumsewu, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, CD, filimu ya X-ray yakuchipatala, dzuwa la m'beseni la madzi, zonsezi siziteteza. Zoteteza ndi magalasi a kadamsana a muyezo wa ISO 12312-2, osakandika, kapena galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14. Mwana akayang'ana dzuwa kenako n'kumadandaula kuti pakati pa chomwe akuona pali kadontho kakuda, mizere yowongoka ikuoneka yopindika kapena zilembo zikusowa powerenga, apite kwa dokotala wa maso msanga, ngakhale diso likuoneka labwinobwino. Zizindikirozi zimatha kuyamba patatha maola angapo.

Mawanga mutha kuwaonetsa ana popanda aliyense kuyang'ana kumwamba. Pezani ma binoculars, mutseke diso limodzi lakutsogolo ndi chivindikiro chake, ndipo muwamangirire pampando kapena pamtengo kuti asagwedezeke. Dulani katoni yaikulu muiveke kutsogolo kuti ipange mthunzi. Lozani kudzuwa poyang'ana mthunzi wa ma binoculars pansi, mpaka utafupika kwambiri. Diso lanu lisayandikire. Gwirani pepala loyera masentimita 30 mpaka 50 kumbuyo kwa galasi laling'ono, n'kupotoza kagudumu mpaka m'mphepete mwa bwalo lowalalo muoneke bwino. Kadontho komwe kakuyenda pamodzi ndi bwalolo mukagwedeza pang'ono ndi banga la padzuwa. Komwe katsala pamalo amodzi ndi fumbi la pagalasi kapena papepala. Musapitirire mphindi imodzi kapena ziwiri musanaphimbe, chifukwa kutentha kumasungunula guluu ndi pulasitiki zam'kati, ndipo inuyo musachoke pamenepo ana ali pafupi. Jambulani bwalo la masentimita 10 papepala, ana alembepo pomwe pali mawanga, nthawi yofanana m'mawa uliwonse. Pakatha masiku atatu kapena anayi aona okha kuti mawanga asuntha, ndipo gulu lalikulu limatenga pafupifupi milungu iwiri kuchoka m'mphepete muno kukalowa m'mphepete inayo.